Ngodya Yotsala pa Nsalu ya a Nangozo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957 ku Bembeke, m'boma la Dedza. Dzina lawo ndi mayi Dyna Mlongoti, koma ambirife tinkangoti a Nangozo. Sukulu analekezera Sitandade 7, ndipo aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu amalota ali maso.

Mu 1978 anamanga banja ndi bambo Herbert Mlongoti, makaniko wa ku Biwi, n'kukhazikika kuno ku Kawale. Makina osokera sanawasirirepo. Zida zawo zinali zomwe zija zosokera zong'ambika: singano, lezala, babu lopsa lolowetsa m'sokosi, ndi mkombero wa sefa yakale wokungira nsalu. Ukawapatsa malaya obooka, pamalo pa chigamba unkapezapo duwa. Ena muli panonu munkachita kung'amba dala, tikukudziwani.

Mu 2016 matenda a shuga anayamba kuwaphimba maso. Chinawapweteka mtima n'choti anali atangoyamba kusoka nsalu yaikulu yofunda, yoti adzawasiyire amuna awo. Pansaluyo ankaikapo kwawo monga ankakuonera kutulo: mapiri, nkhungu ya m'mawa, mitengo ya mapichesi ili maluwa okhaokha, ndi kanjira ka kuchitsime kamene awiriwa anakumanamo. Mantha awo anali akuti mdima uwapeza asanamalize.

Mdimawo unawapezadi, koma singano sanaitule. M'mawa uliwonse bambo Mlongoti, ndi zala zawo zozolowera sipanala zija, ankalowetsa ulusi m'masingano n'kuwabaya pa chitsononkho motsatira mitundu, kuti mayi azisoka mopapasa. Masiku ena bambo ankasokoneza, n'chifukwa chake pansalupo pali nkhungu yobiriwira. Ife tinangoti pakamwa gwa, sitinawauze.

Mu Ogasiti chaka chino mayi anagonekedwa m'chipatala, itatsala ngodya imodzi. Manja atafooka, analamula kuti nsaluyo asaikhudze wina aliyense kupatula amuna awo, munthu woti chibadwire sanasokepo ndi batani lomwe. Bambo anasoka atakhala pambali pa bedi, akudzibaya zala, mayi akuwalondolera njira ndi chala. Itatha, mayi anapapasa ngodyayo n'kuseka kuti pamenepa payenda nkhuku, koma wina asadzamasule. Anatisiya ali mtulo Lachiwiri, pa 2 Sepitembala 2025.

Asiya amuna awo, ana atatu, a Clifford, a Jemima ndi a Tisunge, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mumpingo amene achezera nafe, adzukulu amene akonza nyumba ya mayi, ndi inu nonse anansi athu.

Nsalu mukuiona pabokosiyi ndi yomweyo. Ana anapempha kuti tikafika kumanda ichotsedwe, popeza mayi anasokera bambo. Bambo akana. Akuti pa awiriwo, amene ankafulumira kumva kuzizira anali mayi.

A Nangozo, pitani mutafunda. Mzimu wanu uuse mumtendere.