Mzere Umodzi Umene Mlongo Wanga Sanalembe

Ine, amene kuntchito amangonditcha Sisitala, wa zaka 42, wokhala kuseri kwa msika, namwino pa chipatala chaching'ono chomwe si chaboma, ndikunena izi mosakakamizidwa. Lembani msanga bwana, mtima wanga suli m'malo. Mayi wa pa desiki yolandirira odwala, amene mwamutsekera m'chitokosi, sanagulitse chinsinsi cha munthu.

Mbiri za odwala athu zimasungidwa mu kompyuta yaikulu, seva, imene ili m'kachipinda ka mafayilo kuseri kwa desikiyo. Anaikonza ndi mlongo wanga wamng'ono, wokonza makompyuta, ndipo ntchitoyo ndinamupezera ndine. Iye anandiuza kuti sevayo ili ndi mpanda wotchedwa fayawolo, woletsa anthu a pa intaneti kulowa. Mpandawo ndi kachidutswa ka pulogalamu, amati modyulo, kamene kamayenera kulowetsedwa mu mtima wa makinawo nthawi iliyonse akayaka. Kwathu sikankalowa kokha. Magetsi akazima n'kuyakanso tinkamuimbira foni, iye n'kubwera kudzakalowetsa ndi manja. Tinazolowera choncho, tinkayesa ndi mmene makompyuta amakhalira.

Mwezi wathawu ndinamupeza atakhala pa benchi ya odwala, ntchito atamaliza kalekale, akuseka ndi mayi wa pa desikiyo. Kunyumba ndinamupanikiza. Ndinati, "Iwe, makina a anzathu onse amadikira munthu chonchi?"

Anayankha kuti, "Ayi achemwali, ndi mzere umodzi basi. Ndikaulemba mu fayilo imene seva imawerenga poyaka, mpanda uzidzuka wokha."

Ndinamufunsa chimene akudikira. Iye anati, "Ndikaulemba, ndizibwera kudzatani kumeneko?"

Ndinamuseka kuti mwamuna wandevu zake akufunsira mbeta kudzera kwa a magetsi. Analonjeza kuti alemba akangomuuza mayiyo za kukhosi. Mayiyo sankadziwa kanthu.

Lachisanu masana magetsi anazima. Atabwera, seva inayaka yokha, odwala ali pamzere mpaka pakhonde. Mayi wa pa desiki anamuimbira mlongo wanga pamaso panga, foni osapezeka. Anali atapita kukaika mawaya kutali kopanda netiweki. Adokotala, eni chipatala, anafunsa kuti, "Ikugwira kapena sikugwira?" Mayiyo anati ikugwira. Iwo anati, "Ndiye lembani odwala." Seva inakhala choncho mpaka Lolemba, khomo lili pululu.

Lolemba m'mawa kunabwera bambo wina, wodwala wathu. Anatisonyeza uthenga pa foni yake. Munthu wosadziwika anatchula matenda ake ndi mankhwala amene amamwa, n'kuopseza kuti auza mkazi wake ndi abwana ake. Tisanapume kunabwera wachiwiri, kenako foni ya pa desiki sinasiyenso kulira. Adokotala anati amene amadziwa nambala yachinsinsi yolowera mu seva ndi mayi wa pa desiki, n'kuitana inu apolisi.

Pamene anzanu ankamutenga mayiyo, mlongo wanga anali atafika. Anali m'kachipinda muja, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinamuona akulemba. Atatuluka anandikokera pakona, malaya atanyowa ndi thukuta, n'kundinong'oneza kuti, "Ndaulemba tsopano. Achemwali, musanene." Kenako anauza adokotala kuti mpanda uli bwino, ndipo unali bwino masiku onse.

Ndiye amene mumutume kukayang'ana seva akaupeza mzerewo. Akayang'anenso tsiku limene unalembedwa. Amene analowa n'kuba mbiri za odwala sindikumudziwa, ndipo sindikunena kuti mlongo wanga anagwirizana naye.

Ndakwiya, komanso ndikuchita mantha. Mlongo wanga si wakuba, ndinamulera ndekha, kumubereka kumsana. Koma mayi uja ali ndi ana awiri amene akugona kwa aneba, akufunsa kuti amayi abwera liti. M'mawa uno ndamuuza mlongo wanga kuti tiye limodzi ukanene wekha. Wangokhala pabedi, wagwira mutu, osadzuka. Potuluka, mayi athu anandigwira mkono pakhomo n'kunena kuti, "Chibale ndi fupa, sichiola. Ukakamutchula mwana wanga, pano usadzapondenso."

Ndamutchula, bwana. Mukamupeza kunyumba.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Saini ya mboni: ____________________