Penti yobisa chilonda cha sipuling'i

Zaka zimenezo, mapikiapu anu onyezimirawa asanachuluke pano pa Kamwendo, ine ndinali makanika, ndipo sipuling'i tinkaiyesa ndi khutu, osati ndi maso. Iwe Yohane mdzukulu wanga, tatsitsa kaye chitsulocho usanachimange pa galimoto yako yonyamula anthu.

Malole athu ankakhala pa masipuling'i a zitsulo zambiri zosanjikiza, chachitali pamwamba, zazifupi pansi, ndipo chimodzi chikathyoka zinzake zinkagwirira, ife n'kumangapo malegeni ndi kachipika, n'kukafika pang'onopang'ono. Zinkapweteka msana, inde, koma paja mutu umodzi susenza denga. Zanuzi n'chitsulo chimodzi chokha, chonenepa pakati, chopyapyala kumapeto. Zimayenda mofewa, sindikukana, koma chikaduka chimenecho, agwirire ndani?

Tsono chakochi wagula kumalire kwa munthu amene ngakhale dzina sukumudziwa, ndipo akuti n'chatsopano. Chatsopano chanji penti ikadali kununkha? Aaa, ine ayi! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukuseka anyamata inu, eti nkhalamba imakayikira chilichonse? Tamverani. Pamene masipuling'i a chitsulo chimodziwa ankangofika kumene, ine ndinatola yoduka, n'kuiwotcherera, n'kupala pachilonda mpaka see, n'kupaka penti yakuda. Ndinagulitsa kwa dalaivala wina wonyamula mtedza ndi amayi a kumsika, ndipo mumtima ndinkati ikaduka zinzake zigwirira, osakumbukira kuti iyi ilibe mnzake. Inadukira pamtsetse wa kwa mfumu Zulu, galimoto n'kugudubuzika. Sanafe munthu, Mulungu ngwamkulu, koma mwendo wa aNangozo, mayi wogulitsa tomato, unatsalira kuchipatala.

Mumawadziwa, aja amayenda ndi ndodo ziwiri aja. Tsiku la msika lililonse amandipatsa moni, amati, "Mwaswera bwanji amisiri?" ndipo mpaka lero sadziwa kanthu. Moni umenewo umandiwotcha, ana inu.

Tachikoleka pa waya apo, Yohane, uchimenye ndi hamala. Chamoyo chimalira ngwee ngati belu la tchalitchi cha ku Kachebere, koma chowotcherera sichilira. Menya, usaope.

Wamva? Changoti phu.

Usakwiye, mwana wanga, ndipo usachigulitsenso kwa wina. Galimoto iime sabata ino, njala yake tigawana. Mawa ndi tsiku la msika, ndipo aNangozo amakwera yako.