Ndinkafuna Kuona Usipa Wanga Ndili Pakhonde

Anzanga omvera, ine ndine bambo wa kunyanja kuno ku Salima, ndipo kale ndinkagulitsa nsomba. Matipate atangoyamba kumene, ndinaganiza zomanga nyumba ya njerwa pafupi ndi madzi.

Tikukumba maziko, dzenje litangofika m'mawondo, madzi anayamba kutuluka. Mmisiri anaika khasu pansi n'kunena kuti, "Bambo, uwu ndi mchenga wonyowa. Tiyeni tisunthire kumtunda."

Ndinakana. Ndinkafuna kuti ndiziona usipa wanga pathandala ndili pakhonde, akuba asamanditapire.

Chaka chisanathe, m'mawa wina kunachita chivomerezi. Sichinali chachikulu, moti nyumba zophoma za anzanga kumtunda sizinang'ambike n'komwe. Koma kwathu mchenga unasanduka phala, madzi n'kumatumphuka pabwalo. Nyumba inatitimira mbali imodzi, khoma n'kugwera mayi a kunyumba akusesa.

Anathyoka msana, ndipo kuchipatala anati sadzayendanso. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka.

Inu omanga, mmisiri akaika khasu pansi, muzimumvera. Ife lero tikukhala m'chisakasa. Za nsomba ndinasiya, chifukwa wowatembenuza mayi pamphasa ndine. Thandala lija ndimaliona bwino ndithu ndili pakhomo, lopanda kanthu.