Mayi Iness Thole, Mphunzitsi Woika Manja Kumbuyo

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Iness Thole, NyaZgambo, omwe anabadwa pa 9 Meyi 1978 m'mudzi mwa Yotamu Zgambo ku Champhira, m'boma lino la Mzimba. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Achibale apempha ife ogwira nawo ntchito ku laibulale ya Tiwerenge kuti tiwerenge mbiriyi. Mukamva wina akuseka musamudzudzule, chifukwa malemuwa sankakhala ndi munthu mphindi zisanu osamuseketsa.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo ku Champhira, ya sekondale kuno ku Boma. Mu 1999 anapita ku koleji ku Mzuzu kukaphunzira kasungidwe ka mabuku, ndipo kumeneko ndi komwe anakondana ndi kompyuta. Mu 2004 anamanga banja ndi Bambo Zondwayo Thole a ku Euthini. Bambo Thole amanena okha kuti analowa m'banja lamitala, mkazi wawo ali kale ndi kompyuta, koma zaka makumi awiri zatha popanda ankhoswe kuitanidwa.

Atagwira ntchito ku Mzuzu zaka zingapo, malemu anabwera ku laibulale yathu mu 2016. Anatipeza tili ndi chuma chomwe chinkatisowetsa mtendere. Bambo Bestone Shaba, mkulu wa laibulale, anakhala zaka makumi atatu akuyenda panjinga m'midzi ya kuno, kulemba pamakadi mayina a mabanja, komwe anachokera, zithokozo zawo, mawu aja otamanda makolo a mtundu, ndi nyimbo za ingoma. Makadiwo anapitirira zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kudya bokosi lapansi. Akatswiri ena anabwerapo kuchokera kutali, anatikonzera webusayiti yokongola, tinajambulitsa nawo, tinawaphera nkhuku. Atachoka, webusayiti inafa pasanathe miyezi itatu, ndipo panalibe mmodzi wa ife wodziwa poigwira. Bambo Shaba anataya mtima, n'kumati ntchito yawo idzathera m'mimba mwa chiswe.

Malemu ananena kuti makadiwo akwera pa intaneti ndithu, koma okweza tikhala ifeyo. Tinayang'anana. Ena mwa ife kompyuta tinkaifunditsa kansalu koluka ngati wayilesi ya pabalaza. Lachitatu lililonse masana ankatikhazika pansi kutiphunzitsa kulemba mizere ya malamulo amene kompyuta imamvera: mzere wotsegula nkhokwe ya makadi, mzere wofufuza dzina, mzere woonetsa yankho pafoni ya munthu. Koma kaphunzitsidwe kake, abale! Ankaima kumbuyo kwa mpando wako, manja ali kumbuyo ngati woyang'anira mayeso, osakhudza kiyibodi ngakhale ndi chala. Ukawasiyira mpando mwaulemu, iwo ankangoti, "Lembani mwekha, mama. Ine ndikachoka mudzaitana ndani?" Tinawapatsa dzina loti Mama Mwekha, poti mwekha kuno ndiye kuti nokha, ndipo kunena zoona masiku ena tinkapita kunyumba titawakwiyira.

Amene anavutika kwambiri ndi Mayi Eneless Ngwira, omwe ntchito yawo inali kudinda mabuku ndi kusesa. Tsiku lina analakwitsa mzere umodzi kasanu ndi kawiri, anatenga chikwama nati basi, zimenezi n'za ana. Malemu anawatsatira mpaka pa siteji ya kabaza, anawagulira chinangwa chokazinga, nabwerera nawo. Mzere uja anaulembabe Mayi Ngwira.

Webusayiti inatsegulidwa mu Ogasiti 2018. Sabata yoyamba ana a kuno omwe ali ku Joni anayamba kudandaula kuti akaweruka kuntchito sakupezapo kanthu. Malemu atafufuza anapeza kuti Bambo Shaba, munthu wadongosolo, ikakwana hafu folo ankatseka mawindo, kukhoma kabati, n'kuzimitsanso kompyuta yosunga makadi ija kuti nayo ipume. Malemu anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anatiphunzitsa kusamutsira nkhokweyo ku makina akutali omwe saweruka, ndipo ngakhale apo manja anali kumbuyo. Chaka chisanathe, mnyamata wina wobadwira ku Joni anaimba foni akulira, ati wapeza zithokozo za agogo ake, ndipo a Shaba anavina ingoma pakati pa mashelefu.

Ku mpingo, malemu anali a Umanyano ndiponso oimba alito mukwaya. Amayi a Umanyano akuchitira umboni kuti nakonso anali chimodzimodzi: nyimbo ankaiyambitsa, ikagwira n'kutsitsa mawu kuti ena amveke.

Matenda a impso anayamba mu Janyuwale chaka chino cha 2024, ndipo mu Juni anagonekedwa ku chipatala cha Boma. Ali m'chipatalamo, a kampani yosunga webusayiti anasintha makina awo, tsamba lathu n'kungoyera kuti mbee. Mitu inatiima. Tinakumbuka akatswiri aja ndi nkhuku yathu. Bambo Shaba ndi Mayi Ngwira ananyamula laputopu mpaka ku wodi. Malemu anaiyang'ana, anamwetulira, nabisa manja onse m'bulangete. Bambo Thole anawachonderera kuti angothandizako kamodzi kokha, koma iwo ndi mawu ofooka anati, "Mwekha."

Mayi Ngwira anatuluka misozi ili m'maso. Anakhala pa kompyuta masiku awiri, kope lawo la Lachitatu lili pambali, kuwerenga mzere umodziumodzi ndi chala monga amawerengera Baibulo. Tsiku lachiwiri masana anapeza kuti mzere wotsegula nkhokwe ukulankhula mwakale, makina atsopano sakuumva. Anaulemba mwatsopano. Anakwera kabaza mpaka kuchipatala, naika foni m'manja mwa malemu. Malemu analemba dzina loti Zgambo, ndipo makadi a kwawo anatuluka onse. Munthu amene anatha sabata osadzuka analiza nthungululu mpaka anamwino anathamangira poganiza kuti kwagwa zina. Anawagwira dzanja Mayi Ngwira nati, "Yewo chomene. Mbwenu ine ntchito ndamaliza."

Anamwalira patapita masiku awiri, Lachisanu pa 28 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 46. Zikutiwawa, sitibisa. Komanso ndife okondwa kuti anaona ndi maso awo zomwe ankafuna kuona. M'mawa uno Mayi Ngwira alowetsa khadi latsopano m'nkhokwe ija, lokhala ndi dzina la malemu, mudzi wawo ndi zithokozo za kwa Zgambo, ndipo abale omwe alephera kubwera kuchokera ku Joni akuliwerenga pafoni tikunena pano. Palibe amene wathandiza Mayi Ngwira kulemba khadilo.

Malemu asiya amuna awo Bambo Zondwayo Thole, ana atatu, Lusayo, Mtisunge ndi Emmie, mdzukulu mmodzi, mayi awo owabereka, alongo awo awiri ndi achemwali atatu. Asiyanso ife ophunzira awo asanu ndi awiri, tonse odziwa kulemba tokha.

Mama Mwekha, pindani manja, kuno tigwira. Apumule mu mtendere wa Ambuye.