Mwanabele wa Pakhosi ndi Mphaka wa Malemu

Pa siteji ya Chisokone, bambo ena achikulire anali m'minibasi ya ku Ndola kudikira kuti idzaze, pulasitala ili pakhosi. Mayi amene anakhala pambali pawo analephera kupirira.

"Pepani bambo, pakhosipo mwatani?"

"Mwanabele, mayi. Kuchipatala anandibaya singano, n'kukoka timadzi kukapima. Akuti si khansa, si TB, koma tizilombo ta m'chimbudzi cha mphaka. Bodza lenileni! Kumgodi ankatiuzanso kuti zifuwa zili bwino, lero anzanga ali kumanda."

"Mphakayo muli naye?"

"Anasiya malemu akazi anga. Amagona m'khitchini. Ndimutaye chifukwa cha mawu a kadokotala kadzulodzulo?"

"Akaipitsa amawola ndani?"

"Mwana wanga Tinenenji. Ine msana unathera pansi pa nthaka."

"Si woyembekezera ameneyo?"

"Mwafunsiranji? Ndi woyembekezera, inde."

"Inenso anandibaya pomwepo ndili ndi pakati, n'kupeza tizilombo tomweto. Ndinatsutsa ngati inuyo, mankhwala osamwa. Mwana wanga Ethan tinamuwononga maso ali m'mimba, chibadwire sanaonepo nkhope yanga."

Bambo aja anagwira pulasitala ija, n'kudzambatuka.

"Ba kondakitala, tsegulani nditsike! Ku Ndola kudikire, Tinenenji akusesa m'khitchini panopa."