Adzukulu Atakana Kukumba Manda a Mayi Anga

Linali Lolemba lachiwiri la mwezi wa Okutobala chaka chathachi, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pamene mayi anga anatisiya. Ndikupatsani moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga maumboni pa tsamba lino. Ine sindine munthu wolankhulalankhula, ndipo ndakhala miyezi ndikuzengereza kulemba. Vuto limene ndikufuna kukuuzani si imfa ya mayiyo ayi, popeza anali atakalamba ndiponso atadwala nthawi yaitali. Vuto linali lakuti thupi lawo linagona m'nyumba masiku awiri, kunja kukutentha, popanda munthu wokumba manda. Ndipo amene anachititsa zimenezi ndine.

Mudzi wathu uli m'mapiri a ku Ntchisi, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pa Malomo. Ndi mudzi waung'ono, nyumba zisanu ndi zinayi, tonse mbumba imodzi. Kamtsinje kamatilekanitsa ndi mudzi wina umene timangoutchula kuti tsidya lija. Kuyambira kale, maliro akagwa kwathu, adzukulu okumba manda amachokera tsidya lija, ndipo akagwa kwawo timakakumba ndife. Mwini maliro sakumbira m'bale wake. Palibe anazilemba paliponse, tinangozipeza choncho.

Kamtsinje komweko ndi kamene timathirira madimba a anyezi ndi tomato, mbali zonse ziwiri. Chaka chatha mvula inadula msanga, ndipo pofika Julaye madzi anali atachepa kwambiri. Ife a tsidya lino, popeza madimba athu ali chakumtunda, tinatseka ndi matumba a mchenga n'kupatutsira madzi onse mu ngalande yathu. A tsidya lija anabwera kudzagumula. Panabuka ndewu, ndipo mpini wa khasu unathyola mkono wa bambo wina wa kwawo.

Ine ndine mlembi wa komiti ya madimba, n'chifukwa chake anthu amanditchula kuti Alembi. Ndinalemba makalata anayi opita kwa akuluakulu osiyanasiyana, ndipo ndinkapalasa njinga kukawasiya ndekha. Kulikonse ankandilandira bwino, kundipatsa mpando, n'kundiuza kuti abwera sabata yamawa. Mpaka lero sanabwere.

Mu Ogasiti bambo ake a Lameki anamwalira. Lameki ndiye mkulu wa adzukulu a tsidya lija, ndipo ine ndi iye tinkakhala benchi imodzi kupulayimale. Uthenga utafika, amuna a kwathu tinakhala pansi kukambirana. Mawu amene anatseka nkhani ndinawanena ndine: "Anthu ogumula madzi athu akumbe okha." Sitinapite, ngakhale kukapepesa kumene. Lameki anakumbira bambo ake omubereka ndi manja ake.

Panali anthu ena amene sanaleke kuwoloka kamtsinjeko. Kuno timawatchula kuti amayi a Lachitatu, chifukwa ndilo tsiku limene amakumana. Anayamba okha chaka china cha njala, kuphikira ana amasiye phala. Kenako anayamba kusambitsa odwala, kuperekeza amayi oyembekezera kuchipatala, ndi kulowa pakati mabanja akayambana. Alibe ofesi, alibe galimoto, ngakhale chikwangwani. Muli a mpingo wathu, a mipingo ina, ndi mayi wina wachisilamu wogulitsa nsalu pa Malomo. Amene amawatsogolera ndi a Nankhoma, mayi wamasiye wa tsidya lija, wamfupi, wolankhula mosapsatira.

Kawiri konse a Nankhoma anabwera kumsonkhano wa komiti ndi maganizo akuti tizigawana masiku othirira, lero ife mawa iwo. Kawiri konse ndinawabweza. Ndinawauza kuti nkhani yawo sili pa mndandanda wa zokambirana, ndipo za madzi zili kale m'manja mwa akuluakulu. Mkazi wanga Nabanda, amene ndinamutenga chitengwa kuchokera tsidya lija lomwelo, ndinamuletsa kupita kugululo. Anandimvera sabata imodzi. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti amayi omwewo ankabwera Lachitatu lililonse kudzasambitsa mayi anga, amene anali atafa ziwalo mbali imodzi. Ndikawaona akutsika ndi mabeseni, ndinkatenga khasu n'kupita kudimba, kuti ndisawathokoze.

Tsono Lolemba lija mayi atamwalira, a malume anatumiza uthenga tsidya lija monga mwa mwambo. Wotumidwayo sanachedwe kubwerera. Yankho la Lameki linali lalifupi: "Kawauzeni Alembi akumbe okha."

Lachiwiri m'mawa ndinatenga abale anga awiri, piki ndi fosholo. Amuna ena m'mudzi mwathu ndi okalamba, achinyamata ali ku Lilongwe ndi ku Joni. Titalowa kumanda ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizirepo. Manda a tsidya lija ndimawadziwa ngati munda wanga. Ndakumbako zaka zoposa makumi awiri, ndimadziwa pamene pali dothi lofewa, pamene pali mizu, ndi amene anagona pati. Koma manda a kwathu sindinakumbeko n'kamodzi komwe. Ndimangofikako nditavala jekete, dzenje litatha kale.

Tinasankha malo pafupi ndi mtengo wa msuku. Dzenje litafika m'mawondo, piki inayamba kuthetheka moto. Linali thanthwe. Tinasunthira chakumunsi, ndipo apo dothi linali lofewa. Tinakumba mtima uli m'malo mpaka cha m'ma 2 koloko masana, pamene fosholo inatukula chidutswa cha thabwa lowola. Tinali tikukumba pamwamba pa munthu. Mitumbira yakale inasalala, ilibe zizindikiro, ndipo odziwa kuti pagona ndani ndi amene anakumba, osati ife. M'bale wanga wina anataya fosholo n'kuthawa osacheuka. Otsalafe tinakwirira mwachangu.

Kumudzi ndinapeza anthu ochokera kutali atadzaza pasiwa, akwaya atasasa mawu, mkulu wa mpingo akuyang'anayang'ana wotchi. Ndinaimirira pamaso pa onsewo n'kunena kuti mwambo wa maliro sutheka lero. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire. A malume anatumizanso munthu tsidya lija, ulendo uno atanyamula nkhuku. Nkhukuyo inabwerera. Pofika madzulo analamula kuti bokosi likhomedwe, chifukwa kutentha kwa Okutobala sikudikira munthu. Mlongo wanga wa ku Kasungu anafika bokosi litatsekedwa kale, ndipo sanaone nkhope ya mayi ake. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu kutacha ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukapemphera. Silinali pemphero labwino, ndivomere. Ndinauza Mulungu kuti mayi anga anamutumikira moyo wawo wonse, ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse mpaka miyendo inakana, nanga bwanji akuwasiya awonongekere m'nyumba? Ndinamuuza kuti ndalemba makalata, ndatsata njira zonse zoyenera, ndipo palibe chimene chayenda. Ndinapempha kuti afewetse mtima wa Lameki. Za mtima wanga sindinatchule.

Ndili pomwepo ndinamva nyimbo ikuchokera kumtsinje. Ndinaganiza kuti ndi kwaya ina yodzakhuza maliro. Nditatulukira ndinaona amayi oposa makumi awiri, a mbali zonse ziwiri, zitenje atamanga m'chiuno, makasu paphewa. Patsogolo panali a Nankhoma atasenza piki. Pambuyo pawo panali mkazi wanga ndi fosholo yanga. Ndipo pakati pawo, akutsimphina ndi kakhasu kolimira mbatata, panali mayi ake a Lameki, amene amuna awo ndinakana kuwakumbira. Anadutsa pasiwa osaima, kulunjika njira ya kumanda.

A malume anathamanga kukawatchingira. "Amayi inu, mwapenga kodi? Mkazi anakumbapo manda liti?"

"Lero," anayankha a Nankhoma. "Mayiwa tawasambitsa zaka ziwiri. Sitingawasiye awolere m'nyumba chifukwa amuna akulimbirana anyezi. Patukani malume, dzuwa likukwera."

Ndinayesa kuikapo mawu. "A Nankhoma, nkhaniyi ikufunika kuti tiyambe takhala pansi..."

"Alembi, kodi iyinso sili pa mndandanda?"

Ndinabwerera m'mbuyo. A malume anapatuka.

Ndinamva pambuyo pake kuti amayiwo asanawoloke anayamba adzera kwa Lameki. Sanamunyengerere, sanamulalikire. Anangomupempha kuti awabwereke zida, ndiponso awauze pamene pali dothi labwino. Iye anaseka, kuyesa nthabwala. Anasiya kuseka ataona mayi ake akutuluka ndi khasu.

Amayiwo anasankha malo, analambula udzu, n'kuyamba kukumba mosinthana. Ife amuna tinangoima chapatali ngati alendo. Dzenje lisanafike m'kakolo, tinamva mapazi. Anali adzukulu a tsidya lija akuthamanga, Lameki patsogolo, wopanda nsapato. Anafikira kulanda khasu m'manja mwa mayi ake.

"Amayi, mukufuna dziko lonse litiseke? Kakhaleni pansi uko."

Anayang'ana pamene ankakumba amayiwo n'kupukusa mutu. "Apanso pagona munthu." Anayenda kuchokera pa msuku uja akuwerenga mapazi, anaima, n'kumenya pansi ndi chidendene. "Apa." Kenako anaona dzenje langa la pathanthwe lija.

"Alembi, ili ndi la nthochi kapena mumafuna kumanga chimbudzi? Anthu a cholembera inu, kalata mumatha, koma khasu ayi."

Mdzukulu amaloledwa kunyoza mwini maliro, ndipo anthu anaseka koyamba chifikire Lolemba. Tsiku limenelo chipongwe cha Lameki chinandikomera kuposa ulaliki, chifukwa anali mawu oyamba kundilankhula m'miyezi itatu.

Amayi aja sanabwerere kumudzi. Anakhala m'mphepete mwa manda, makasu ali pamiyendo, mpaka dzenje linatha. Anati akachoka amuna ayambanso za madzi, ntchito iima. Ankatidziwa bwino. Mayi anga tinawaika m'manda cha m'ma 3 koloko masana, pambali pa amayi awo, malo amene ine mwana wawo sindinkawadziwa.

A malume atatha kuthokoza anthu, a Nankhoma anaimirira popanda wowaitana. "Mawa athirira a tsidya lija. Mkuja a tsidya lino. Lamulungu madzi aziyenda okha. Amene sakufuna aimike dzanja timuone." Panali amuna onse a komiti, panali ine mlembi wawo. Palibe dzanja linakwera.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Anyezi a tsidya lija anali atauma kale, ndipo mabanja ena anavutika mpaka dzinja. Bambo wa mkono uja sandipatsa moni mpaka pano, ndipo sindimuimba mlandu. Mlongo wanga timalankhulana, koma pali chimene ndinamulanda chimene sindingamubwezere. Ndimadzikwiyirabe ndikakumbuka miyezi imene ndinataya ndikuyang'ana kumsewu kudikira galimoto ya akuluakulu aja, pamene anthu okhoza kuthetsa nkhaniyi ankafika pakhomo panga sabata iliyonse, ine n'kumawathawa.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Ndinapemphera mwamwano, ndipo Iye anayankha ndisanadzuke pamene ndinagwada. Sanayankhe kudzera mwa anthu amene ndinkawalemekeza, koma mwa amene ndinawabweza kawiri. Ndikuthokozanso amayi a Lachitatu, amene sanandiwerengere zolakwa zanga pa tsiku limene akanatha kutero. Inu amene muli pa vuto lanu ndipo mwatopa ndi kudikira, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likutuluka ndi mkwiyo. Koma muyang'anenso amene mwakhala mukuwatsekera pakhomo. Makamaka ife amuna.

Lachinayi m'mawa, anthu asanayambe kusesa pasiwa, ndinavala jekete, ndinatenga paketi ya shuga, n'kuwoloka kamtsinje koyamba chiyambire Julaye. Ndinapeza mayi ake a Lameki atakhala pakhonde akusenda chinangwa, m'manja muli matuza a dzulo. Ndinavula chipewa n'kuima pabwalo.

"Mwabwera kudzatani, mwana wanga?"

"Ndabwera kudzapepesa maliro a bambo."

Anaika chinangwa pansi. Kenako anakankhira mphasa ndi phazi.

"Mwachedwa miyezi iwiri. Khalani."

Mphasayo ndinaisiya. Ndinakhala pansi padothi, n'kupepesa maliro.