Mawondo a Yasini ndi Botolo la ku Lilongwe

Zulfa atabwerako ku Malengachanzi, kumene anakhala milungu itatu akuthandiza mng'ono wake kumweta mpunga, anapeza mwamuna wake, a Yasini, atanyonyomala pabwalo akupala nsomba. Bambo omwewa anawasiya akulephera ngakhale kutsika pakhonde chifukwa cha mawondo, ndipo botolo la mafuta a nsomba lomwe mwana wawo Shamsa anatumiza kuchokera ku Lilongwe linali pazenera, mutatsala timakapisozi titatu tokha.

"Alihamudulila!" Zulfa anatula mtolo pansi. "Bambo a Shamsa, mwanyonyomala!"

"Nanga nsomba amapala choimirira?"

"Mawondo aja bwanji?"

"Alipo onse awiri."

"Ndikunena kupweteka, inu."

"Kwachepako. Lachisanu kumzikiti ndinaswali pamkeka ngati anzanga. Mpando uja sindinapite nawo."

Zulfa anatenga botolo lija n'kuligwedeza monyadira.

"Mwaonatu! Munkati mankhwala a m'tauni ndi achinyengo. Simunadumphitse tsiku?"

"Ngakhale limodzi. Tiwiri m'mawa uliwonse, monga munanenera."

"Ndi madzi ambiri?"

"Ambiri zedi."

"Kapu yodzaza?"

"Kapu? Mtsinje wonse wa Bua."

Zulfa anaseka. Munthu akayamba kuchira ndiye nthabwala zimabwerera, anaganiza choncho.

"Kumeza sikunavute? Ena amati amanunkha."

"Eni ake sanadandaule. Amachita kulimbirana."

Kuseka kuja kunathera panjira.

"Eni ake ati?"

"Nsomba."

"Nsomba zatani?"

"Ndi zimene zikumwa. Ndimapita pamene Bua akuthirira m'nyanja paja, ndikuponya tiwiri. Timayandama bwinobwino. Ukangowerenga mpaka khumi, waona pakamwa patulukira, khapu!"

Zulfa anakhala pamtolo wa mpunga uja.

"Subuhanala! Mankhwala anu mwamwetsa nsomba?"

"Anga? Munanena nokha ndi pakamwa panu kuti ndi mafuta a nsomba."

"Eya, a nsomba! Ochokera m'nsomba!"

A Yasini anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pabuluku, ngati munthu amene wapatsidwa mlandu wosavuta.

"Mayi a Shamsa, mafuta a njinga timathira pati?"

"Panjinga."

"Mafuta a tsitsi?"

"M'tsitsi. Koma izi ndi zina!"

"Mankhwala a makoswe mumamwa ndinu?"

"Nanga mafuta a mtedza? Mumamwetsa mtedza?"

"Mtedza ulibe pakamwa."

"Bambo inu!"

"Phala la mwana amaphika ndi mwana?"

Zulfa anawaloza ndi botolo kumaso.

"Werengani apa!"

"Chizungu sindiwerenga. Koma chithunzi ndikuchiona. Ajambulapo ndani pamenepo? Ine?"

Zulfa anayang'ana. Panali nsomba yonenepa, yasiliva, itapinda mchira.

"Paketi ya mankhwala a chitopa ija anajambulapo nkhuku," a Yasini anapitiriza. "Tinamwetsa nkhuku. Simunalimbane nane."

"Shamsa anafotokoza bwinobwino pafoni. Anati mafuta amenewa amathandiza mtima."

"Zoona. Mpasa wa dzulo unandikoka mpaka ndinatuluka thukuta, iwo osatopa. Mtima wake unali wa mnyamata."

"Anati amathandiza maso!"

"Zikuona kapisozi ali kutali ngati apo pali mtengo wa mango."

"Anati amafewetsa mawondo! Nsomba ili ndi mawondo?"

"Sindinaoneko ngakhale imodzi ikutsimphina."

"Anatinso amathandiza ubongo."

A Yasini anaganiza kaye, akukanda ndevu.

"Apo pokha sanagwire ntchito. Zikukodwabe pambedza."

"Ubongo wofuna thandizo uli pakhomo pano!" Zulfa anamenya m'manja. "Mukudziwa zimene mwana uja ananena? Anati mawondo akapanda kusintha abwera kumapeto kwa mwezi, agulitsa bwato lanu, atitenga tonse kukakhala ku Lilongwe. Ine ndikakhale m'mpanda wa njerwa, ndizikagula usipa wouma wa pamulu ngati mlendo? Dimba langa ndisiyire ndani?"

Bwato lija linali litagona pamchenga miyezi isanu, koma tsiku lililonse a Yasini ankatuma munthu kukaliona.

"Ndiye n'chifukwa chake sindinadumphitse tsiku," anatero motsitsa mawu. "Tsiku loyamba ndinapita ndi ndodo, ndikupuma pamtengo uliwonse. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndinati mwana wawononga ndalama zake, nsomba zisamwe mochedwa. Mlungu wachiwiri ndodo ndinaiiwala komweko."

"Mumayenda wapansi mpaka ku Bua? Tsiku ndi tsiku?"

"Nanga zibwere zokha kuno?"

"Ndiye mukazimwetsa mumazisiya?"

"Aaa, wodwala sasiyidwa yekha. Ndimaponya mbedza, ndikubwera naye kunyumba."

"Kenako?"

"Ndimamuwotcha."

"N'kudya?"

"Masana ndi madzulo. Inu kulibe, ndani akanandiphikira nyemba?"

Zulfa anayang'ana m'beseni. Munali mpasa iwiri ndi sanjika zingapo, zonona, mamba ali waliwali. Pakhomo pamenepa panali patatha miyezi akudya masamba a maungu ndi bonya wopempha. Komabe iye sanali munthu wogonja pamaso pa beseni.

Anatsegula botolo n'kutulutsa kapisozi mmodzi.

"Yasamulani."

"Ine?"

"Mmodzi yekha alowe m'mimba mwa mwini mawondo, kuti mwana akafunsa ndisaname."

"Analowa kale onse. Anangodzera njira yaitali."

"Yasamulani, bambo a Shamsa!"

"Ndikamera mamba mudzandipala ndinu?"

"Ndidzakupalani ndi mpeni womwewo!"

"Nanga anzanga aja mawa ndikawauze chiyani? Azolowera nthawi yawo."

A Yasini anadzuka, osagwira pansi, osabuula, n'kuzungulira kuseri kwa mtondo. Zulfa anawatsatira ndi kapisozi m'manja. Anazungulira kawiri. Ulendo wachitatu Zulfa ndi amene anaima, akupuma mwawefuwefu, dzanja lili pabondo lake.

Foni inalira m'chitenje. Anali Shamsa.

"Amayi, mwafika bwino? Ababa ali bwanji? Mafuta aja akumwedwa?"

Kunama Zulfa sankafuna, koma Lilongwe ankamuopa koposa.

"Akumwedwa, mwanangu. Tsiku ndi tsiku."

"Ndi madzi ambiri?"

"Madzi ndiye usadandaule."

A Yasini anatambasula dzanja. "Patseni ndimufotokozere za mpasa uja."

Zulfa anawatchinga ndi chigongono n'kutembenukira kukhoma.

"Akuti chiyani ababa?" anafunsa Shamsa.

"Akuti akuthokoza."

"Koma akuyenda?"

"Mpaka ku Bua. Pano ndikunena pano ndalephera kuwagwira."

Shamsa anakuwa ndi chimwemwe mpaka foni inanjenjemera.

"Ndinanena ine! Ndiye za bwato zija tizisiye, akhale konko. Mwezi uno nditumize botolo lina?"

Zulfa anayang'ana mwamuna wake, yemwe anali atanyonyomalanso pabeseni, khutu lili kufoni. Anayang'ana kapisozi anali m'dzanja lake uja, n'kumubwezera m'botolo mwakachetechete.

"Tumiza awiri, mwanangu," anatero. "Odwala achuluka."